Ndinasiya kuyeza mvula ndi maso: mmene ndinasankhira chipangizo cha zanyengo cha pakhomo

Mu Disembala 2023 mbewu yanga ya chimanga inafera m'nthaka chifukwa cha mvula imene ndinaikhulupirira. Inagwa masana, yamabingu, malata akulira moti munthu sumamva zimene mnzako akunena, madzi n'kumathamanga pabwalo. Kutacha ndinauza mayi a kunyumba kuti iyi ndiye yobzalira, tisachedwe. Tinabzala munda wonse wa kuseri kwa nyumba. Patapita masiku anayi ndinapita kukafukula phando limodzi ndi chala. Chinyontho chinali chitangolowa pang'ono pamwamba, pansi pake fumbi lokhalokha, ndipo njere inali itafufuma n'kuyamba kuuma. Tinabzalanso kachiwiri ndi mbewu yogula pa mtengo watsopano, pakuti kwacha inali itangogwa kumene mu Novembala, kenaka ng'amba ya El Niño inadzamalizitsa zotsalazo mu Febuluwale 2024.

Ng'ambayo sindikanaithawa, inakhudza dziko lonse. Koma kubzala koyamba kuja kunali kulakwitsa kwanga. Mvula yaphokoso ya mphindi makumi awiri ndi mvula yamvumbi ya usiku wonse zimasiyana kutali pa madzi amene zimasiya m'nthaka, ndipo diso limanamizidwa ndi phokoso.

Ndimakhala m'mbali mwa msewu wa ku Jali, kutsetserekera ku nyanja ya Chilwa. Aliyense wa ku Zomba amadziwa kuti mvula ya kuno ilibe chilungamo. Phiri limatha kuvala mtambo tsiku lonse, Mulunguzi n'kudzaza, mlamu wanga wa ku Chinamwali n'kuimba foni kuti zovala sizikuuma, ife kuno dzuwa lili phwee. Wailesi ikanena kuti ku Zomba kwagwa mvula, imanena zoona, koma imanena za pamene pali choyezera cha boma, monga ku Makoka kufupi ndi Thondwe. Munda wanga suli ku Makoka. Ndinafuna kudziwa madzi amene agwa pa nthaka yanga, ndi kuwalemba penapake pamene sangatayike, kuti chaka ndi chaka ndizitha kuyerekeza.

Chipangizo choyamba ndinachigula mothamanga, ndipo ndalama ija ndimaimvabe kuwawa. Ndinachiona pa intaneti, chotchipa, chithunzi chake chokongola, pa bokosi atalemba kuti chimalumikizika ndi foni komanso kompyuta. Chitafika ndinapeza kuti kulumikizikako kunali kwa mtundu wina. Manambala ankachoka pakhomo panga kupita ku makina a kampani kunja kwa dziko, ndiye ine n'kumakawaona kumeneko kudzera pa pulogalamu yawo. Bandulo ikatha, palibe chimene chalembedwa. Magetsi akazima, chimodzimodzi. Tsono ganizirani nthawi imene magetsi amakonda kuzima kwathu kuno: pamene kukugwa chimvula ndi chimphepo, nthawi yeniyeniyo imene munthu ukufuna manambala. Ndinayesa kufunsa wogulitsa ngati pali njira yoti kompyuta yanga iziwerenga yokha popanda intaneti, yankho silinabwere. Chinangotsala chowonetsa kutentha kwa m'chipinda.

Apa m'pamene mwana wa mlongo wanga, amene amaphunzira za makompyuta, anandikhazika pansi. Anati, "Amalume, musamafunse ngati chimalumikizika. Muzifunsa kuti manambala akachoka panja amakafikira kuti koyamba." Funso limeneli ndi limene ndikufuna aliyense wowerenga alitenge asanatulutse ndalama. Zipangizo zina zimatumiza manambala ku kompyuta kudzera pa chingwe cha USB, monga zakale zija za mtundu wa WH1080. Zina zimagwiritsa ntchito WiFi koma zimalola kompyuta ya m'nyumba mwanu kuwatenga mwachindunji, osadutsa kunja. Zina ndi zija ngati changa choyamba. Ziwiri zoyambazo ndi zimene zingathandize munthu wa kuno.

Tinakhala masabata angapo tikufufuza, iye pa laputopu, ine ndi kope. Dzina limene anthu odziwa amalitchula ndi ulemu ndi Davis, kampani ya ku America imene imapanga Vantage Vue ndi Vantage Pro2. N'zolimba, zimakhala zaka, koma mtengo wake ndi madola mazana angapo musanawerengere zoyendera ndi msonkho. Kwa mphunzitsi wopuma ngati ine, zimenezo ndi feteleza wa chaka chonse. Kumbali yotsika mtengo tinazindikira chinthu chimene sindinkadziwa: zipangizo zambiri zotchipa, ngakhale zili ndi mayina osiyanasiyana pa bokosi, zimachokera ku fakitale imodzi ya ku Shenzhen ku China yotchedwa Fine Offset. Ecowitt ndi dzina limene zambiri mwa izo zimagulitsidwira, ndipo zambiri za Ambient Weather za ku America zimachokeranso komweko. Kudziwa zimenezi kunandichotsa mantha a mayina, ndinayamba kuyang'ana chimene chili m'kati.

Ndinasankha Ecowitt yokhala ndi mbali ziwiri. Ya panja ndi mutu umodzi umene uli ndi fanelo ya mvula, timakapu tozungulira ndi mphepo, muvi wosonyeza kumene mphepo ikuchokera, choyezera kutentha ndi chinyezi, ndi kasola kakang'ono pamwamba. Ya m'nyumba ndi kabokosi kochepa ngati bokosi la machesi kamene amati gateway, kanga ndi ka GW1100. Kalibe sikirini. Poyamba ndinadandaula nazo, koma sikiriniyo ndi imene imakweza mtengo, pamene manambala ndimawaona kale pa foni ndi pa laputopu. Kabokosika kamadya moto wa USB ngati foni, choncho ndimakalumikiza ku power bank imene imatha kutchaja ikugwira ntchito, ndipo magetsi akazima sikadziwa n'komwe. Osati power bank iliyonse imachita zimenezi, yesani musanadalire.

Amene anandibweretsera chipangizochi ndi mnzanga amene amapita ku Johannesburg pa geni. Ngati nanunso mudzatumiza munthu, kapena mudzagula mbali ziwirizi padera, pali nambala imodzi yofunika kuilemba papepala n'kumupatsa. Mutu wa panja umalankhula ndi kabokosi ka m'nyumba pa wailesi, ndipo zipangizozi zimapangidwa pa 433, 868 kapena 915 MHz malinga ndi dziko limene akukagulitsa. Mbali ziwirizo zikasiyana nambala sizidzamvana mpaka kalekale, ndipo palibe batani lokonzera. Chinanso, kabokosi kanga kamangomva WiFi ya 2.4 GHz. Tinavutika madzulo athunthu tisanazindikire kuti foni ya mwana uja inali pa 5 GHz. Musaiwalenso kuti katundu wotere amatha kulipitsidwa msonkho polowa m'dziko, ndiye muwerengeretu.

Ku kompyuta ndiye kunali kosavuta kuposa mmene ndinkaopera. Pali mapulogalamu awiri aulere amene anthu ambiri amagwiritsa ntchito, Cumulus MX ndi WeeWX. Mwana uja ankafuna WeeWX pa kakompyuta kakang'ono ka Raspberry Pi chifukwa kamadya moto wochepa. Koma anandiuzanso yekha kuti timakompyuta timeneti tambiri tilibe wotchi ya batire, ndiye magetsi akazima n'kubwera kulibe intaneti, kamadzuka kosadziwa nthawi n'kulemba mvula pa ola lolakwika pokhapokha mutagula kawotchi kapadera. Ine ndinali ndi laputopu yakale ya Windows imene batire yake ikadagwirabe maola angapo. Tinaika Cumulus MX pamenepo. Laputopu ndi kabokosi zonse zimalumikizika ku MiFi yanga, imenenso ili ndi batire yake. Chimene chinandisangalatsa n'chakuti ngakhale bandulo ithe, MiFi imapitirizabe kulumikiza ziwirizi m'nyumba, ndipo manambala amalembedwa. Intaneti imangofunika pamene ndikufuna kuona ndili kutali, kapena kutumiza ku Weather Underground, tsamba la pa intaneti la zanyengo, kuti ena aone.

Pali chofooka chimodzi chimene ndiyenera kunena poyera. Kabokosi kanga sikasunga mbiri mwa iko kokha. Laputopu ikathima, nthawi imeneyo imakhala yopanda kanthu pa kompyuta, pokhapokha intaneti inalipo ndipo manambala anapita kunja. Zilipo zina zokhala ndi malo a memory card zimene zimasunga zokha. Ndikanadziwa msanga ndikanaonjezera ndalama pang'ono n'kutenga yoteroyo, ndipo kwa munthu amene alibe laputopu yoti izikhala yoyaka usana ndi usiku, ndinganene kuti memory card ndi yofunika kuposa sikirini yamitundu.

Tsopano nkhani ya malo oika, imene ndi yaikulu kuposa mtengo wa chipangizo. Ine ndinachimangirira koyamba pa nsonga ya denga, poganiza kuti pamwamba ndiye pabwino komanso akuba sangafike. Mu Okutobala manambala a kutentha masana ankakwera modabwitsa, kuposa zimene thupi langa linkamva pakhonde. Malata akapsa ndi dzuwa amatulutsa mpweya wotentha umene umakwera molunjika kukalowa m'choyezera. Akatswiri a zanyengo amayeza kutentha pa mamita pakati pa 1.25 ndi 2 kuchokera pansi, pamwamba pa udzu, kutali ndi makoma ndi simenti, pamene mphepo amaiyeza pa mamita 10. Chipangizo cha mutu umodzi sichingakhale malo awiri nthawi imodzi. Muyenera kusankha chimene mukuchifuna kwambiri. Ine ndimafuna mvula, ndiye ndinachitsitsa n'kuchiika pa paipi yachitsulo ya mamita awiri m'mphepete mwa munda, paipiyo titaikwirira ndi simenti. Mphepo ndimadziwa kuti ikuwerengedwa mochepekera, ndipo ndinavomereza.

Paipi iyenera kukhala yosagwedera. M'kati mwa fanelo muli kasupuni kamene kamadzaza madzi n'kupendekeka, ndipo kupendekeka kulikonse ndi kumene kumawerengedwa ngati mvula. Paipi ikamagwedezeka ndi mphepo, kasupuniko kamatha kugwa kopanda madzi, inu n'kupeza mvula yolembedwa tsiku la dzuwa. Chipangizo chikapendama, mvula imawerengedwanso molakwika, n'chifukwa chake pamwamba pake pali kadiso ka madzi kokhala ndi thovu loyenera kukhala pakati. Mtengo wa mango unandivutanso. Lamulo ndi lakuti choyezera mvula chitalikirane ndi mtengo kapena nyumba kosachepera kawiri kutalika kwa chinthucho, kanayi ndiye bwino koposa. Ndinayeza ndi mapazi, n'kusuntha dzenje kawiri, mayi a kunyumba akundiyang'ana kuti nanga tidzakumba kangati.

Chimene sindidzaiwala ndi nkhani ya muvi wa mphepo. Kabuku ka malangizo kanalembedwa poganizira anthu a kumpoto kwa dziko lapansi, kumene dzuwa limadutsa chakummwera. Ife tili kummwera kwa equator, ndipo miyezi yambiri ya chaka, makamaka nthawi yozizira, dzuwa limadutsa chakumpoto. Ndinatembenuza mutuwo kuti kasola kayang'ane kumpoto, zimene zinali zoyenera, koma sindinasinthe kanthu mu pulogalamu. Tsiku lina mu Juni kunja kuli chiperoni, kamvula kowaza ndi kamphepo kolasa, anabwera agogo ena oyandikana nafe kudzabwereka khasu. Ndinawaonetsa laputopu monyadira, n'kuwawerengera kuti mphepo ikuchokera kumpoto chakumadzulo. Anatuluka pakhonde, n'kuima kaye, chipewa chili m'manja.

"Aphunzitsi, makina anuwa akudwala. Uwu ndi mwera. Mwera unachokerapo kumpoto liti?"

Ankanena zoona. Mwera ndi chiperoni zimabwera kuchokera kummwera chakummawa, mbali ya Mozambique. Mutu ukatembenuzidwa, muyenera kulowa mu pulogalamu n'kuonjezera madigiri 180 pa mbali ya mphepo. Ndinakonza agogowo ali pomwepo, muvi pa sikirini n'kutembenuka, iwo n'kungogwedeza mutu n'kutenga khasu lawo. Miyezi ingapo ya mphepo imene ndinali nditalemba inali yozondoka yonse.

Nambala ina imene imasokoneza ndi ya kulemera kwa mpweya. Mabuku amati 1013 hPa, koma imeneyo ndi ya m'mphepete mwa nyanja yamchere. Kuno tili pamwamba mamita oposa 600, ndiye chipangizo chimaonetsa m'ma 930, ndipo m'tauni ya Zomba ndi kuphiri imatsika kuposa apo. Si kuwonongeka. Pali malo olembapo kukwera kwa malo anu kuti pulogalamu iziwerengera yokha. Koma ndikuchenjezeni za kachithunzi ka mtambo kapena dzuwa kamene zipangizozi zimaonetsa ngati ulosi wa mawa. Kamangotengera kukwera ndi kutsika kwa mpweya, ndipo m'madera otentha ngati athu mpweya umakwera ndi kutsika kawiri pa tsiku mwachizolowezi, kugwe mvula kusagwe. Kachithunziko sindikayang'ana. Chipangizo cha pakhomo chimanena zimene zachitika, osati zimene zikubwera. Za mawa ndi za namondwe ndimamvera a nthambi ya boma yoona zanyengo. Tonse tikukumbuka Freddy mu Malichi 2023, Ana mu Januwale 2022 ndi Idai mu 2019, ndipo akuluakulu a kuno amasimbabe za Napolo wa 1946. Chenjezo la zinthu zotere silingachokere pa paipi ya kuseri kwa nyumba yanga.

Kusamalira ndi ntchito yaing'ono koma yosalekeza. Sabata ina kunagwa mvula yooneka, ana n'kubwera atanyowa, koma laputopu inalemba ziro. Ndinakwera pa mpando n'kupotokola fanelo. M'kati munali ukonde wa kangaude utamanga kasupuni kaja kumbali imodzi, woonda ngati ulusi koma wokwanira kukagwira kuti kasagwe, ndipo pakona mavu anali atayamba kumata dothi lawo. Pabowo la fanelo panali tsamba louma ndi zitosi za mbalame. Kuyambira pamenepo ndimatsegula Loweruka lililonse m'nyengo ya dzinja, ndi kamswachi kakale ndi madzi. Mvula isanayambe, chizimalupsa chisanagwe, ndimatsuka fumbi lonse la chilimwe ndi kusintha mabatire awiri a AA amene amathandiza kasola usiku. Mabatire otchipa a pamsika amatha kutuluka madzi n'kudya zitsulo za m'kati, ndiye pamenepa sindiumira.

Mungathe kuyesa nokha ngati chikuwerenga bwino, ndi sirinji ya ku famase. Milimita imodzi ya mvula ndi lita imodzi ya madzi pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi. Ndiye ngati kukamwa kwa fanelo yanu kuli masikweya sentimita 100, mamililita 10 a madzi ayenera kuonetsa milimita imodzi. Yezani kukamwa kwa fanelo yanu, werengerani, kenaka donthezani madziwo pang'onopang'ono, osakhuthula. Mukatha mufufute mvula yabodzayo mu pulogalamu. Kudontheza pang'onopang'onoko kuli ndi chifukwa: madzi akabwera ambiri nthawi imodzi, ena amadutsa kasupuni kali m'kati mopendekeka osawerengedwa. N'chimodzimodzi pa chimvula champhamvu, zipangizo za kasupuni zimawerenga mochepekera pang'ono. Zilipo zatsopano zopanda kasupuni, zimene zimamva kugunda kwa madontho pa chivindikiro. Sizitsekeka ndi masamba, koma kwa ine amene ndimafuna madzi enieni ogwira m'chikho, ndinakonda ya fanelo.

Chifukwa cha zimenezi ndinaika pambali pake choyezera wamba cha pulasitiki, chija chokhala ndi mizere m'mbali. Ndimachiwerenga 8 koloko m'mawa uliwonse, n'kulemba m'kope, n'kukhuthula. Chinanditengera ndalama yochepa kwambiri poyerekeza ndi zina zonsezi, ndipo ndinene mosabisa: ngati thumba lanu silikulola china chilichonse chaka chino, yambani ndi chimenechi ndi kope. Sichifuna magetsi, sichifuna bandulo. Chimene kompyuta imaonjezera ndi kukuuzani kuti mvulayo inagwa nthawi yanji ndi mwamphamvu bwanji, kuwerengera yokha ya mwezi ndi ya chaka, ndi kulemba pamene inu mwagona kapena mwapita kumaliro masiku atatu. Mamilimita 20 ogwa m'mphindi makumi awiri ambiri amathawira mu Likangala, pamene 20 omwewo ogwa usiku wonse amalowa m'nthaka. Chikho cha pulasitiki chimaonetsa nambala yofanana pa zonse ziwiri, koma mzere wa pa laputopu umasiyanitsa.

Panopa ndili ndi lamulo langa pobzala. Ndimadikira kuti mvula ikwane mamilimita 25 mpaka 30 m'masiku awiri kapena atatu otsatizana, ndiye ndimapitabe kukafukula ndi khasu kuti ndione pamene chinyontho chafika, ndi kumvera ngati a zanyengo akunena za ng'amba m'masabata akubwerawo. Pothira feteleza wobereketsa ndimayang'ananso mvula ya masiku apitawo, kuti ndisathire pa nthaka youma kapena pa matope. Kumapeto kwa mwezi uliwonse ndimakopera manambala onse pa flash, chifukwa laputopu yakale ikhoza kufa tsiku lililonse, ndipo kukayamba ziphaliwali ndimaizula kukhoma n'kuisiya pa batire.

Nyengo yathayi mvula yoyamba yaphokoso itagwa, m'mawa mwake anthu anayamba kudutsa ndi makasu ndi timatumba ta mbewu. Mayi wina wa kutsidya kwa msewu anaima pa mpanda ndili ndi chikho cha pulasitiki m'manja.

"Aphunzitsi, yagwa ingati?"

Ndinawauza kuti naini basi, ndipo yonse inagwa m'kanthawi kochepa.

"Ndiye tidikire?"

Ndinati ine ndidikira, koma munda ndi wawo, akafukule kaye aone. Anapita, ndipo patapita kanthawi ndinawaona akubwerera, kathumba ka mbewu kali pamutu kosamasula. Agogo aja a mwera anabzala tsiku lomwelo, akuti nyerere zawauza zina. Ine ndinalemba naini m'kope, n'kukhuthula madziwo pa tsinde la mpiru, n'kubwezera chikho pamalo pake.